Ku Ayutthaya mabwinja akudyetsa anthu, nanga kuno ku Nkhotakota?

A Mkonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndifotokozeko za mzinda wa Ayutthaya m'dziko la Thailand, umene ndinauyendera pamene ndinakacheza kwa mwana wanga amene akugwira ntchito ku Bangkok, ndiponso kuti ndifunse anzanga a kuno ku Nkhotakota funso limene lakhala likundisowetsa mtendere chibwerereni. Ife tikamakamba zokopa alendo timathamangira kutchula nyanja, nyama zakutchire ndi malo ogona a m'mbali mwa nyanja, ngati kuti mbiri ya anthu si chinthu chimene munthu angalipirire ulendo kuti akachione. Ku Ayutthaya kulibe nyanja ngati yathuyi, koma tsiku ndi tsiku kumafika alendo ochokera m'mayiko osiyanasiyana kudzaona makoma akugwa ndi njerwa zimene zinapsa ndi moto zaka zoposa 250 zapitazo.

Mzindawu uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa Bangkok, ndipo mbali yake yakale ndi chilumba chozingidwa ndi mitsinje itatu, Chao Phraya, Pa Sak ndi Lopburi. Mfumu U Thong ndiyo inaukhazikitsa cha m'ma 1350, ndipo kwa zaka zoposa 400 unali likulu la ufumu wa Siam, dzina lakale la Thailand. Mitsinjeyo inali linga lotchinga adani, komanso inali msewu wa malonda, pakuti zombo zinkatha kuchoka kunyanja yamchere n'kukwera mtsinje wa Chao Phraya mpaka kufika pamzindawo. Apwitikizi anafika mu 1511, pambuyo pake kunabwera Adatchi, Afalansa ndi Ajapani, ndipo mafumu ankawapatsa malo omanga midzi yawo kunja kwa chilumbacho, mtundu uliwonse paokha. Zonsezi zinatha mu 1767, pamene ankhondo a ku Burma, dziko limene lero tikulitcha Myanmar, anagonjetsa mzindawo atauzinga kwa nthawi yoposa chaka, n'kuutentha ndi kutenga anthu ambiri kupita nawo kwawo. Likulu linasamukira kummwera, poyamba ku Thonburi, kenaka ku Bangkok mu 1782, ndipo lero Ayutthaya ndi likulu la chigawo chabe, mzinda wa misika, masukulu ndi mafakitale umene uli ndi mabwinja pakati pake.

Ine ndinapita pa sitima yapamtunda, ulendo wosafika maola awiri umene umadutsa m'minda ya mpunga yotambalala mpaka kumene maso alekezera. Siteshoni ili kutsidya kwa mtsinje wa Pa Sak, choncho munthu ukatsika umayenda pang'ono kudutsa pakati pa ogulitsa zakudya, n'kukwera kaboti kamene kamawolotsa anthu pa ndalama yochepa kwambiri. Chimene chinandichititsa chidwi n'chakuti ngakhale sindidziwa chinenero cha ku Thailand, ngakhalenso zilembo zawo sinditha kuziwerenga, sindinasochere. Ponseponse panali zikwangwani zolembedwanso m'Chingerezi, panali mapu osonyeza kumene kuli kachisi aliyense, ndipo pafupi ndi doko panali anthu obwereketsa njinga zakapalasa ndi madalaivala a timagalimoto ta matayala atatu totchedwa tuk-tuk, aliyense atanyamula chikalata cha zithunzi za akachisi kuti mlendo angoloza kumene akufuna kupita.

Malo amene alendo ambiri amayambira ndi Wat Mahathat, amene anali kachisi wamkulu wa chipembedzo cha Chibuda pakati pa mzindawo. Pamenepo pali mizere ya ziboliboli za Buddha zokhala pansi zitapinda miyendo, zambiri zilibe mitu, zina zilibe manja, zina zangotsala mawondo okha pamwamba pa njerwa. M'mphepete mwa khoma lina muli mtengo wofanana ndi kachere wathu uja, ndipo m'mizu yake mwapanikizika mutu wa chiboliboli wosemedwa pa mwala, nkhope yokha ndiyo ikuoneka, maso otsinzina pang'ono, mizu itaukulunga m'masaya ndi pachibwano. Patsogolo pake anaikapo chingwe, ndipo mlonda amakhala pambali. Ndinaona mlendo wina ataimirira kuti ajambulitse, mlondayo n'kumukodola ndi dzanja kuti akhale pansi, chifukwa kwa eni dziko n'kupanda ulemu kuti mutu wa munthu ukhale pamwamba pa mutu wa Buddha. Mlendoyo ananjuta osawiringula, ndipo onse amene anali pamzere pambuyo pake anachita chimodzimodzi popanda wowauza. Ndinaona pamenepo kuti mwini malo akalemekeza chinthu chake, mlendo savuta kutsatira, ngakhale chipembedzocho chisakhale chake, monga mmene sichili changa.

Chapafupi pomwepo pali Wat Phra Si Sanphet, kachisi wa mafumu amene anali mkati mwa mpanda wa nyumba yachifumu. Chatsala choonekera patali ndi nsanja zitatu zosongoka zimene anasungiramo phulusa la mafumu atatu, koma nyumba yachifumuyo inatheratu, pangotsala maziko pakati pa kapinga wotchetchedwa bwino. Apa pali mfundo imene ndikufuna kuti owerenga aimvetse. Sikuti Aburma okha ndiwo anawononga mzindawu. Pomanga Bangkok, eni dziko omwe anagumula makoma a Ayutthaya n'kutenga njerwa zake pa maboti kupita nazo kukamangira likulu latsopano, ndipo kwa zaka zambiri mabwinjawo anali tchire lokhalokha m'mene anthu ankakumba kufunafuna chuma. Kusamala kumene tikuona lero kunabwera mochedwa, boma litaganiza zoteteza malowo mwalamulo ndi kuyamba kuwakonza, mpaka UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1991. Akachisi ambiri sanawamangenso kuti aoneke atsopano. Analimbitsa zimene zinatsala kuti zisagwe, analambula, anaika njira zoyendamo ndi zikwangwani zofotokoza, kwinako n'kusiya mmene nkhondo inasiyira.

Nkhani ya Wat Ratchaburana ndiyo inandikhudza koposa. Kachisiyu anamangidwa mu 1424 ndi mfumu ina pamalo pamene anawotchera mitembo ya akulu ake awiri, amene anaphana atakwera njovu polimbirana ufumu. Mu 1957 akuba anakumba pansi pa nsanja yake yaikulu n'kupeza chipinda chobisika chodzaza ndi zinthu zagolide. Ena anagwidwa, koma zambiri zinali zitapita kale. Boma litakumba mwadongosolo linapeza zina zotsala, pamodzi ndi timapale tambirimbiri tachipembedzo tokhala ndi chithunzi cha Buddha, ndipo ndalama zimene anthu anapereka polandira ena mwa timapaleto ndizo zinathandiza kumanga nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chao Sam Phraya, imene inatsegulidwa mu 1961 mumzinda momwemo. Katundu wagolide amene anapulumuka ali m'nyumba imeneyo, sanamutengere ku Bangkok, choncho wofuna kumuona ayenera kufika ku Ayutthaya, kudya kumeneko ndi kukwera tuk-tuk ya kumeneko.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Ndalama imene mlendo amalipira pachipata si yaikulu, ngakhale kuti wochokera kunja amalipira yochulukirapo kuposa mwini dziko, zimene ine sindikuziona zolakwika. Phindu lenileni lili kunja kwa chipata. M'mbali mwa msewu wina muli mzere wa timashopu togulitsa chakudya chotchuka cha mzindawu chotchedwa roti sai mai, chimene ndi shuga wokokedwa mpaka kusanduka tiulusi tosalala, ndipo amamukulunga m'kachapati kopyapyala. Ambiri opanga chakudyachi ndi Asilamu a mumzindamo, ndipo anthu ochokera ku Bangkok sabwerera osagula matumba angapo opita nawo kwa abale. M'malesitilanti a m'mbali mwa mtsinje amawotcha ma prawn akuluakulu a mumtsinje, achibale a nkhanu, amene amawang'amba pakati. Madzulo eni maboti amanyamula alendo kuzungulira chilumba chonse, kuima pa Wat Phanan Choeng, kumene kuli chiboliboli chachikulu cha Buddha chotalika mamita 19 ndipo anthu akupembedzabe mpaka lero, n'kukathera pa Wat Chaiwatthanaram, kachisi amene mfumu Prasat Thong inamanga mu 1630 m'mbali mwa Chao Phraya. Kutsogolo kwa kachisi ameneyu kuli mashopu obwereketsa zovala zamakedzana, ndipo amene amazivala n'kumajambulitsa ambiri ndi achinyamata a ku Thailand komweko, osati azungu. Mabwinja amodzi akudyetsa wamaboti, wanjinga, wophika, wosoka ndi wojambula.

Sindikunena kuti kumeneko zonse zili bwino. Kutentha kwake n'koopsa, ndipo ine wobadwira kunyanja ndinathawira pamthunzi dzuwa lisanafike pamutu. Mzinda wa pakati pa mitsinje umakhala pa ngozi ya madzi osefukira, ndipo mu 2011 madzi analowa m'mabwinja ambiri n'kukhalamo kwa masabata, kotero kuti akachisi a m'mbali mwa mtsinje amawatchinga ndi zipupa nthawi ya mvula. Sindinakondwenso kuona njovu zitavekedwa nsalu zikunyamula alendo pamsewu wa tala dzuwa lili phwee, makamaka pokumbukira njovu zathu za m'nkhalango ya Nkhotakota zimene zimayenda mwaufulu. Alendo ambiri amangobwera m'mawa pa basi n'kubwerera ku Bangkok madzulo, ndiye eni malo ogona amapeza zochepa poyerekeza ndi unyinji umene umadutsa.

Tsono tiyeni tibwere kwathu. Nkhotakota ndi umodzi mwa midzi yakale yamalonda m'dziko muno. Kuno n'kumene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika m'zaka za m'ma 1840, ndipo kuchokera pagombe lathuli zombo zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya, ulendo wa ku Kilwa, doko la kunyanja yamchere m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 ulipo. Manda a Ajumbe alipo, malo a mzikiti wakale alipo. M'tchalitchi cha All Saints muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895. Kuno n'kumenenso chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu wa mu 1960, dziko lisanalandire ufulu wodzilamulira. Njira za akapolo za m'Malawi pamodzi ndi njira ya Livingstone zili kale pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO, ndipo Nkhotakota ili m'gulu limenelo. Komabe magalimoto ambiri a alendo amangodutsa pa msewu wa M5 kuthamangira ku Nkhata Bay kapena ku Salima, ndipo akaima amaima kuti athire mafuta ndi kugula mpunga. Ana athu ambiri amadutsa pansi pa mkuyu uja osadziwa chimene chinachitikapo, ndipo ine monga munthu amene ndinagwirapo choko ndikudziwa kuti mbiri imeneyi timaiphunzitsa pa bolodi pamene malo ake ali pamtunda woyenda wapansi.

Ena adzati makoma athu si aatali ngati a ku Thailand, ndipo n'zoona, tilibe nsanja zoti munthu akweze khosi poziyang'ana. Ena adzati mbiri ya ukapolo ndi yowawa, ndipo zidzukulu za ogulitsa ndi za ogulitsidwa zikukhala mudzi umodzi, zinakwatirana, zimapemphera ena kumzikiti ena kutchalitchi, ndiye kuikumba n'kutosa chilonda. Nkhawa imeneyi ndi yomveka ndipo siyofunika kuipeputsa. Koma Ayutthaya nayenso akuonetsa alendo kugonja kwake, ziboliboli zake zodulidwa mitu, ngakhale kuba kumene ana ake omwe anachita, ndipo sizinawachotsere ulemu. Chofunika n'chakuti nkhaniyo ifotokozedwe ndi eni ake atagwirizana, mafumu, mashehe, ansembe ndi akuluakulu odziwa mbiri atakhala pamodzi, kuti chimene chidzalembedwe pa chikwangwani chikhale choona ndiponso chosanyoza mtundu kapena chipembedzo cha wina.

Pempho langa kwa khonsolo yathu, kwa nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi kwa eni malo ogona alendo ndi lakuti tiyambe ndi zimene sizifuna mamiliyoni ambiri. Pakhale njira imodzi yodziwika yoyambira padepoti, yodutsa pa mkuyu, patchalitchi, pamanda a Ajumbe mpaka kugombe, yokhala ndi zikwangwani za m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Anyamata a kabaza ndi achinyamata amene anamaliza Fomu 4 aphunzitsidwe mbiriyi bwinobwino ndi kupatsidwa ziphaso, kuti mlendo akatsika apeze womuperekeza wodalirika pa mtengo wodziwika. Zinthu zakale zimene mabanja akusunga m'nyumba, ngati eni ake alola, zikhale ndi chipinda choonetsera kuno komwe, osati kutumizidwa kutali. Masukulu a m'boma lino akhale oyamba kuyenda njira imeneyi, chifukwa ku Ayutthaya ndinakumana ndi magulu a ana asukulu atavala yunifolomu, aphunzitsi awo akuwafotokozera pansi pa mitengo.

Kwa Amalawi amene amapita ku Bangkok kukapikula katundu kapena kumisonkhano, ndikuti patulani tsiku limodzi mukafike ku Ayutthaya. Nyengo yabwino ndi kuyambira Novembala mpaka Febuluwale pamene kutentha kumachepako. Nyamukani m'mamawa, valani zovala zobisa mapewa ndi mawondo chifukwa akachisi ena akugwirabe ntchito, konzekani kuvula nsapato polowa m'malo opembedzera, ndipo mtengo wa tuk-tuk mugwirizane musanakwere.

Mphunzitsi wopuma,
Linga, Nkhotakota