Lipoti la msonkhano wa azaumoyo wa m'maboda

A Tcheya ndi nonse a m'gulu, mwaswera bwanji. Ndabwerako ku msonkhano munandituma uja, wa azaumoyo ndi ife ageni oyenda kunja, kunalinso madalaivala a mabasi a ku Joni ndi ena oona za maulendo a Hajj. Nkhani inali ya matenda a chifuwa obwera ndi anthu apaulendo, mmene amamutsatira munthu akalowa pa Mwanza, Dedza, Songwe, Mchinji kapena pa eyapoti ku Lilongwe ndi ku Chileka.

Kamakina kopima kutentha kamene amatilozetsa pamphumi kaja sikagwira anthu ambiri ayi, eni akewo avomera okha. Kachilombo ngati ka Covid kapena MERS (matenda ena a chifuwa a ku Middle East) kamatha kubisala m'thupi mpaka masiku 14, ndiye umadutsa paboda uli bhobho n'kukayamba kutsokomola uli kwanu ku Ndirande katundu utagulitsa kale. Enanso timamwa panado basi isanafike paboda, tisanamizane, thupi n'kuzizira kamakina osaona kanthu. Ndiye iwo chimene amadalira kwambiri ndi fomu ija timalemba mothamanga titatsamira pabondo, nambala ya foni ndi komwe ukukafikira. Akuti akapeza wodwala m'modzi amafuna onse anakwera naye basi kapena ndege, koma akaimba manambala ena ndi abodza, ena ndi a ku South Africa oti sagwira kuno, adiresi munthu anangolemba "Lilongwe" basi. Lilongwe yake iti?

Pa MERS ndi pomwe ndinatchera khutu poti ambirife timapita ku Dubai. Matendawa anapezeka koyamba ku Saudi Arabia mu 2012, amachokera ku ngamila, ndipo pa anthu atatu opezeka nawo pafupifupi m'modzi amamwalira. Anatifotokozera za ku South Korea mu 2015, bambo m'modzi anabwera kuchokera ku Middle East akudwala, anazungulira zipatala zingapo asanadziwe kuti ndi chani, mapeto ake anthu 186 anadwala 38 anamwalira, ndipo ambiri anatengera m'chipatala momwemo. Munthu m'modzi abale. Ifenso Covid yathu inayamba choncho, odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 April 2020 ku Lilongwe, m'modzi anali atachokera ku India.

Ndiye pempho lawo ndi loti ukayamba kutentha thupi, kutsokomola kapena kubanika pasanathe masabata awiri chibwerereni, vala mask, imbira azaumoyo pa 929 kapena pita kuchipatala ndipo usanakhale pabenchi uwauze kuti ndachokera kwakuti. Osadikira adokotala akufunse, paja kuno kutentha thupi kulikonse timayamba taganiza malungo, ukapatsidwa LA nkhani yathera pompo. Ukanena amakukhazika padera n'kukulowetsa kathonje m'mphuno, zoyeza zimapita ku labu.

Ndinafunsa funso munandipatsa lija, loti akatisunga katundu wathu ndi chakudya zikhala bwanji. Ndinawakumbutsa za May 2020 pomwe anthu oposa 400 ochokera ku Joni anathawa pa Kamuzu Stadium pomwe anawasunga chifukwa cha Covid, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi, ndikuti munthu amene anamva zimenezija sangalembe nambala yoona. Holo yonse inaomba m'manja koma yankho silinandigwire mtima, angoti akazitengera kwa akuluakulu. Ine maganizo anga tisadikire zimenezo, tilembe kalata ngati gulu.

Za satifiketi ya yellow fever anangokhudzako pang'ono. Alawansi kunalibe, anangotibwezera ya transipoti, ndanena kuti pasakhale zonong'ona.

A Tcheya, ndikupempha kuti Loweruka tikambirane zoti aliyense wonyamuka azisiya kwa mlembi tsiku lonyamuka, basi kapena ndege yomwe wakwera ndi nambala yomwe imagwira kuno. Mapepala anatipatsa ndibwera nawo, ena ndi a Chichewa.