Kalata kwa akhristu onse, makamaka ana athu amene ali ku Perugia

Okondedwa mwa Ambuye,

Lamulungu lapitali Misa itatha, mayi wina wa m'limana mwathu anandiimitsa pakhomo la sakristiya kuti andionetse zithunzi za mwana wake pa foni. Mwanayo ndi mmodzi mwa achinyamata anayi a parishi ino amene ali ku Università per Stranieri, yunivesite ya ophunzira ochokera kunja, ku Perugia m'dziko la Italy, komwe akuphunzira Chitaliyana asanayambe maphunziro awo enieni. Zithunzizo n'zokongola, sindikana. China waima pa kasupe wa Fontana Maggiore kumaso kwa katedrale ya San Lorenzo, china ali m'tchalitchi ku Assisi, china ali ku Roma pamwamba pa tchalitchi cha Petulo Woyera atakwera masitepe 551. Ndinafunsa kuti, "Nanga Misa amamvera kuti?" Mayi aja anangoti zyoli. Titayang'ana masiku, zithunzi zonse anazijambula Lamulungu.

Ana anga, ndikulankhula ndi inu tsopano. Mwalowa m'matchalitchi ambiri kuposa agogo anu onse pamodzi, koma bondo lanu lagunda pansi kangati?

Wophunzira wina wa Yesu anati, "Mphunzitsi, onani miyala yotere ndi nyumba zotere!" Ndipo Yesu anati kwa iye, "Kodi waona nyumba zazikuluzi? Sudzasiyidwa pano mwala umodzi pa unzake, umene sudzagwetsedwa" (Marko 13:1-2).

Tchalitchi cha Fransisko Woyera ku Assisi anayamba kuchimanga mu 1228, patangopita zaka ziwiri mwiniwake atamwalira. Mu 1997 chivomezi chinagwetsa mbali ina ya denga lake, anthu anayi n'kufera momwemo, awiri mwa iwo abale a chipani cha Fransisko yemweyo. Mukamakweza maso kuona zojambula za Giotto, kumbukiraninso kuwatsitsa. Pansi pa tchalitchicho pali manda a munthu amene anabwezera bambo ake zovala zonse kuti atsate Khristu, inu mukumupitirira mukufunafuna poima pabwino. Inenso pamene ndinali kusukulu ku Roma ndinkapita ku Assisi, ndipo mawu a Chitaliyana amene ndinkawamva kawirikawiri m'menemo anali "Silenzio!" Ngati aphunzitsi anu sanakuphunzitseni mawuwo, ndakuphunzitsani ine: khalani chete. Kujambula m'katimo n'koletsedwanso, ndiye chithunzi chija ndachiona chinatheka bwanji?

Wina mwa inu anafika pa Scala Santa ku Roma, masitepe 28 amene akhristu amakwera chogwada. Iye anadzera masitepe apambali, akuti thalauza lingade.

"Vula nsapato zako ku mapazi ako, pakuti pamalo pamene upondapo m'popatulika" (Eksodo 3:5).

Sindikuletsani kuyenda. Pitani mukaone bwalo lakale la masewera la Colosseo, mukaone manda a Paulo Woyera ku San Paolo fuori le Mura, mudzatisimbire. Koma Loweruka liripo. Musandiuzenso zoti simukumva chinenero. Ansembe a ku Italy amene anabwera ku Balaka ndi ku Mangochi anayamba Chichewa chawo chothyokathyoka ali paguwa, ife tikuseka chamumtima, koma sanaleke. Misa ndi yomweyo. Mukamva "Il Signore sia con voi" (Ambuye akhale nanu), yankho mukulidziwa kale kuyambira muli ana. "Osaleka kusonkhana kwathu pamodzi, monga amachita ena" (Ahebri 10:25).

Inunso makolo, mumangoombera m'manja zithunzi pa WhatsApp osafunsa kanthu. Mwana safunsidwa za chakudya ndi kuzizira kokha.

Choncho aliyense wa anayinu anditumizire dzina la parishi imene akumverako Misa, ndi dzina la wansembe wake, mwezi uno usanathe. Ansembewo ndidzawalembera ndekha. Makolo a anayiwa tikumane ku ofesi Loweruka likubwerali 9 koloko m'mawa.

Malata a tchalitchi chathu chomwechi akudontha mbali ya kwaya, ndipo mvula yayandikira. Lamulungu likudzali kudzakhala chopereka chachiwiri. Atsogoleri a malimana abweretsenso makaundula a mtulo. A ku Perugia, mtengo wa tikiti imodzi ya sitima yopita ku Roma mutumize kudzera kwa makolo anu.

Ine wanu mwa Khristu,
Bambo Mfumu