Odwala shuga tisamabise matenda pantchito, lamulo litiyimire kumbuyo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale anga amene amawerenga nyuzipepala yanu kuno ku Harare, ife amene makolo athu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ana awofe n'kutsala m'mafakitale, m'makhitchini a anthu ndi pamageti a makampani. Ambiri amene timadwala shuga timabisa matendawa kwa abwana poopa kuti atichotsa ntchito. Manthawo ndi omveka, koma kubisako ndi kumene kukutilanditsa ntchito, ndipo ena kukuwaika moyo pachiswe.

Ine ndimadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo. Ndimagwira ntchito pafakitale ina ku Willowvale, komwe anzanga anandisankha kukhala m'komiti ya ogwira ntchito. Chandilembetsa kalatayi ndi zimene zinawaonekera alamu anga, amene anali mlonda pa nyumba yosungiramo katundu ku Msasa. Iwo amamwa mapiritsi a glibenclamide, amene amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye. Usiku wina anapita kuntchito ndi kamtanda kamodzi ka nsima ka masana, chifukwa malipiro anali atachedwa. Kapitawo woyendera alonda atafika pa njinga yamoto, anawapeza atakhala pansi atatsamira khoma la kanyumba ka pageti, malaya ali nyowe ndi thukuta usiku wozizira wa mu June, lilime litalemera, dzanja likunjenjemera moti cholembera chinkawapulumuka. M'buku munalembedwa kuti aledzera pantchito. Munthu wake ndi mkulu wa mpingo, mowa sanaulawepo chibadwire. Chondipweteka kwambiri n'chakuti ngakhale pa tsiku lomva mlandu wawo sanatulutse khadi la kuchipatala. Atabwera kunyumba ndinawafunsa kuti, "Alamu, bwanji simunanene?" Anangoti, "Akanati mlonda wodwala alonda chiyani." Ntchito inathera pomwepo.

Shuga akatsika pansi pa 4 pa kamakina koyezera, ubongo umasowa chakudya. Munthu amatuluka thukuta, amanjenjemera, amalankhula zosamveka, ena amachita ukali kapena kudzandira poyenda. Amene sakudziwa amaona chidakwa. Chikhalirecho mankhwala ake ali pafupi: masipuni atatu ang'onoang'ono a shuga m'madzi, kapena theka la kapu ya Mazoe wotsekemera, kudikira mphindi 15, kuyezanso, kenako kudya chakudya chenicheni. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali n'kuthamanga naye kuchipatala. Kapitawo uja akanadziwa zimenezi, nkhani yonse ikanatha ndi kapu ya tiyi wa shuga.

Zimene wodwala shuga amapempha pantchito n'zochepa kwambiri. Nthawi yodya isamasinthesinthe. Aloledwe kukhala ndi maswiti m'thumba ngakhale pamalo pamene ena saloledwa kudyera. Apeze pobisika paukhondo pobayira jakisoni. Ine kale ndinkadzibayira m'chimbudzi cha fakitale, botolo la insulini nditaliika pa thanki ya madzi, ndikumvetsera ngati kukubwera munthu. Insulini imaonongeka ndi kutentha, ndiye pamafunika kamalo mufiriji ya kukantini, makamaka masiku ano amene magetsi amatha kusowa tsiku lonse kumalokeshoni. Ndipo tsiku lopita kukaonana ndi adokotala lisamaoneke ngati kujomba. Amene anaimapo pamzere ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe akudziwa kuti ukapita m'mawa, tsiku lonse lapita. Ndiuzeni kampani imene ingagwe chifukwa cha zimenezi.

Sindikunena kuti nkhawa za olemba ntchito n'zopanda pake. Woyendetsa lole kapena wogwira makina odula zitsulo shuga akamutsikira mwadzidzidzi, ngozi yake ndi yaikulu. Koma wonena ngati munthu angathe ntchito inayake akhale dokotala amene wamupima munthuyo, osati kapitawo amene wangomva dzina la matenda. Ndipo ngati ntchito ya usiku yamukanika, kodi palibe shifiti ya masana?

Tsono lamulo likuti chiyani? Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 ali ndi ndime 56 yoletsa tsankho, ndime 65 yonena kuti aliyense agwire ntchito mwachilungamo ndi motetezeka, ndi ndime 76 imene imatchula mwachindunji anthu a matenda okhalitsa kuti ali ndi ufulu wolandira chithandizo. Lamulo la ntchito, Labour Act, pa ndime 14 limapereka masiku 90 a tchuthi chodwala pachaka munthu akulandira malipiro onse ngati ali ndi kalata ya adokotala, ndi masiku ena 90 a theka la malipiro ngati adokotala aona kuti adzatha kubwerera kuntchito. Ndime 12B imati munthu asachotsedwe ntchito mopanda chilungamo. Abale athu ambiri sadziwa zimenezi. Amadwala sabata imodzi, bwana n'kuwauza kuti "tapeza wina", iwo n'kunyamula chikwama mwakachetechete.

Pamene pali mpata woipa ndi pa ndime 5, yoletsa tsankho pantchito. Imatchula mtundu, fuko, kochokera, ndale, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala ndi pakati, HIV ndi kulumala. Matenda okhalitsa ngati shuga sakutchulidwa. Wodwala shuga akafuna kudziteteza ndi ndime imeneyi ayenera kuyamba watsimikizira kuti ndi wolumala, pamene ambiri a ife timanyamula matumba tsiku lonse popanda chovuta. Ku America lamulo lawo la 1990 loteteza olumala analikonzanso mu 2008, ndipo odwala shuga limawateteza. Bwana amayenera kusintha zing'onozing'ono ngati nthawi yopuma kuti munthu apitirize ntchito. Sitikufunika kuyang'ana kutali chotero. Kuno komwe, mu 1998 boma linatulutsa malamulo a HIV pantchito, oletsa kukakamiza munthu kuyezetsa magazi kuti alembedwe ntchito ndi oletsa kumuchotsa chifukwa choti ali ndi kachilombo. Amene tinalipo m'mafakitale zaka zimenezo tikukumbuka mmene anthu ankabisalira, ndi mmene pang'onopang'ono anayambira kupempha poyera tsiku lokatenga mankhwala. Chinachotsa mantha aja ndi lamulo lolembedwa. Odwala shuga, BP ndi khunyu tikupempha zomwezo.

Kwa owerenga a kumudzi, ku Malawi lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapereka masabata anayi a malipiro onse ndi asanu ndi atatu a theka la malipiro kwa amene watha chaka pantchito, ndipo limati kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chochotsera munthu. Masiku ake ndi ochepa poyerekeza ndi kuno, koma ali m'buku, ndipo bwalo la Industrial Relations Court lilipo.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi amayi athu ogwira m'nyumba za anthu ku Borrowdale ndi ku Mount Pleasant, ndi abambo osamalira maluwa. Iwo alibe komiti. Amadya abwana akamaliza kudya, nthawi zina 3 koloko masana, atamwa mapiritsi m'mamawa. Akachita chizungulire pochapa amatchedwa aulesi.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife pafakitale yathu sitinadikire Nyumba ya Malamulo. Tinaika nkhaniyi pa msonkhano wa komiti ndi mabwana, ndipo tsopano m'bokosi la chithandizo choyamba muli paketi ya shuga, ndipo makapitawo a mashifiti onse anaphunzitsidwa zizindikiro. Ine ndinauza anzanga awiri a pamakina kuti akandiona ndikuyankhula zosokonekera, asandiseke, andipatse maswiti amene ali m'thumba la kumanzere la ovolosi yanga. Ndikupempha a ZCTU, bungwe lalikulu la mabungwe a ogwira ntchito, ndi ma NEC, makhonsolo amene olemba ntchito ndi ogwira ntchito amakambiranamo, makamaka a alonda ndi a mafakitale, kuti akamakambirana za malipiro alembenso m'mapangano awo nthawi yodya ndi tsiku la kuchipatala la odwala matenda okhalitsa. A Zimbabwe Diabetes Association nawo, pa 14 November pamene dziko lonse lapansi limakumbukira matendawa, afikeko ku Graniteside, ku Southerton ndi ku Workington nthawi ya nkhomaliro, alankhule ndi makapitawo.

Ndipo inu amene mwachotsedwa kale ntchito pa nkhani ngati ya alamu anga, musataye khadi la kuchipatala kapena kalata imene anakupatsani pokuchotsani. Lamulo limapereka zaka ziwiri zokadandaula kwa ofesala wa zantchito kapena ku NEC ya ntchito yanu. Alamu anga tawalembera kale dandaulo lawo, ndipo ulendo uno khadi lija tikupita nalo.

Ine wanu,
Membala wa komiti ya ogwira ntchito,
Mufakose, Harare