Kwa aNabanda, ku Leeds, UK

Nkhotakota, Novembala 2025

Amwali anga,

Uthenga wanu wa mawu uja ndinaumvera kawiri, koma kuyankha pa WhatsApp kunandikanika, chifukwa nkhani yake ingathe bandulo ndisanafike n'pakati pomwe. Lero sindili pa ntchito, ndiye ndakhala pakhonde kuti ndikulembereni bwinobwino. Kuno kwatentha kosasimbika. Mvula ikungogunda kutsidya kwa nyanja osafika, mango ayamba kupsa, ndipo kuchipatala tayamba kale kulandira ana odwala m'mimba. Bambo akunyumba ndi ana ali bwino, akupereka moni.

Munati, "Kodi inu mukuchedwa chiyani, bwanji osangobwera?" Ndinaseka ndekha. Inu munapita potsatira abambo, mapepala ambiri anayendetsa ndi iwo, komanso ndi kale lija. Njira ya namwino wodziyendera yekha ndi ina. Ndinafika pakhomo penipeni mwezi wathawu, n'kubwerera.

Pasipoti ndili nayo, imeneyo tisatayepo nthawi. Chimene chinandiliza poyamba ndi mayeso a Chingerezi, a IELTS. Bungwe la anamwino la kwanuko, NMC, limafuna 7 pa kumva, kuwerenga ndi kuyankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Ine amene ndimalemba malipoti a odwala m'Chingerezi tsiku ndi tsiku, ulendo woyamba pa kulemba ndinapeza 6. Ndalama ya mayeso, ya minibasi yodzera ku Salima mpaka ku Lilongwe, ya malo ogona, zonse zinalowa m'madzi chifukwa cha theka la malikisi. Ndinabwereza, ndinakhoza. Kenako mapepala a sukulu, kalata ya bungwe lathu la anamwino kuno yotsimikiza kuti ndine wolembetsedwa ndipo ndilibe mlandu, mayeso ena a pa kompyuta otchedwa CBT, zonsezo zinatheka. Atsala ndi a OSCE, osonyeza ntchito ndi manja, omwe amalembedwa munthu ukafika konko.

Ntchito ndinafunsira ndekha pa intaneti. Intavyu inali ya pa vidiyo, ndipo tsiku limenelo magetsi anazima kutatsala ola limodzi. Ndinakakhala mu ofesi ya mnzanga wina amene ali ndi sola, nditavala bulauzi ya ku tchalitchi pamwamba, pansi chitenje ndi patapata, kunja mbuzi ikulira. Anandilemba.

Tsono apa ndi pamene mutu ukundizungulira. Pepala lililonse lili ndi tsiku lake lofera, ndipo onse ayenera kukhala amoyo tsiku limodzi, lomwe ukutumiza fomu ya viza. Zotsatira za IELTS zimakhala zaka ziwiri. Chiphaso cha TB, miyezi isanu ndi umodzi. Chiphasochi n'chokakamiza kwa ife a ku Malawi ngati ukukakhala koposa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo sujambulitsa pachifuwa paliponse, koma pachipatala chokhacho chomwe iwo anavomereza. Ine wotumiza odwala ku X-ray m'mawa uliwonse ndinakwera minibasi kukalipira kuti andijambule kwina. Palinso kalata ya kupolisi yoti sunapalamulepo, yomwe amafuna kwa ogwira ntchito zachipatala. Ndiye pali nambala yochokera kwa okulemba ntchito, Certificate of Sponsorship, yomwe ikatuluka uyenera kuigwiritsa ntchito isanathe miyezi itatu. Zili ngati kuphikira alendo pa mafuwa amodzi: ukamati nsima yapsa, ndiwo zazizira.

Chomaliza ndi ndalama. Amafuna kuona mapaundi 1,270 atagona mu akaunti yako masiku 28 otsatizana, osatsika ngakhale tsiku limodzi. Pa mtengo wa kubanki ndi pafupifupi mamiliyoni atatu a kwacha, ndipo mukudziwa kuti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 malipiro athu sanayambe athamangapo liwiro limenelo. Buku la banki m'khonde saliwerengera, amafuna sitetimenti ya banki yeniyeni. Tinagulitsa mpunga wonse wa kumunda wa ku Bua, ndinatenga gawo langa ku gulu la amayi, bambo anawonjezera yawo yomwe amasungira malata. Tinaika, n'kuyamba kuwerenga. Mwana wamng'ono uja ndiye anali kalaliki, amadula mzere pa kalendala ya kukhitchini madzulo aliwonse.

Pa tsiku la 22, usiku, foni inalira. Apongozi anga aamuna atisiya ku Dwangwa.

Amwali, mukanatani inu? Bambo ndiye mwana woyamba. Bokosi, galimoto, matumba a chimanga, nkhuni, shuga wa anthu ogona pa siwa masiku awiri. Abale onse ankadziwa kuti kwa ife kuli ndalama, chifukwa mpunga sugulitsidwa mobisa. Bambo sanandipemphe, anangokhala pamphepete pa bedi atagwira mutu. M'mawa ndinapita ndekha kubanki, ndinaima pa mzere, ndinatapa. Pobwera ndinapeza mwana uja ataima pa kalendala ndi cholembera, akundifunsa ngati adule kapena ayi. Ndinamuuza kuti asiye kaye.

Sindikudandaula, gogo aja anandilandira ngati mwana wawo. Koma kuwerenga kuyambiranso pa 1, ndalama yaperewera, chiphaso cha TB chikufa mu Disembala, ndipo IELTS yanga ikutha chakumayambiriro kwa chaka chamawa. Ikangotha imeneyo ndiye ndabwerera ku sitandade wani.

Ndiye pempho langa si la ndalama, musayambe kuthamanga. Ndawerenga pa tsamba la boma la kwanuko kuti okulemba ntchito akhoza kulemba pa nambala ija kuti adzakusamalira okha mwezi woyamba, ndipo akatero za masiku 28 zija zimagwa. Ndikufuna kuwapempha, koma ndikuopa kuoneka wovuta ndisanayambe n'komwe ntchito. Munandiuza kuti ku tchalitchi kwanu kuli anamwino a ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Tandifunsireni: kodi zimapemphedwa, ndipo iwo anapempha ndi mawu otani? Mufunsenso za lendi. Ndiuzeni zoona zake, osati zondilimbitsa mtima. Namwino amaloledwa kutenga banja, koma aliyense ali ndi mtengo wake wosonyeza kubanki: mwamuna mapaundi 285, mwana woyamba 315, wotsatira 200, osawerengera fomu ya aliyense ndi matikiti. Ife tagwirizana kuti nditsogole ndekha.

Pali inanso yomwe sindinafune kuinena pa foni. Mlamu wanga wamng'ono, uja munkamutuma kukagula zitumbuwa, anadyeredwa. Anapezana ndi munthu pa Facebook wodzitcha ejenti, woti amatumiza anthu kukasamalira okalamba ku UK. Anamuuza kuti malo atsala awiri okha, atumize msanga. Mwamuna wake anagulitsa injini ya boti. Ndalama anatumiza pa foni katatu, ulendo uliwonse ndi chifukwa chake: ya fomu, ya kalata ya ntchito, ya "kufulumizitsa". Anabwera kwathu madzulo ena akumwetulira, atanyamula pepala losindikiza mu envelopu ya khaki, lokhala ndi chidindo chofiira chachikulu ndi chithunzi cha chisoti chachifumu. Nditangoliona m'mimba munatentha. Certificate of Sponsorship si pepala la chidindo, ndi nambala ya mu kompyuta. Dzina la kampaniyo tinalifufuza pa mndandanda wa olemba ntchito ovomerezeka, womwe boma la kwanuko limaika poyera kuti aliyense aone ulere, ndipo silinapezeke. Choposa apo, njira yotenga osamalira okalamba kuchokera kunja inatsekedwa pa 22 Julayi chaka chino, pamene iye ndalama yoyamba anatumiza mu Ogasiti. Analipira khomo lomwe linali litakhomedwa kale ndi misomali. Nambala ya ejentiyo pano siikupezeka, boti lili pamchenga, mwamunayo akukwera la eni ake ngati waganyu.

Chinandipweteka n'choti anandibisira dala. Akuti ankaopa kuti ndimuchitira nsanje, poti ine ndatha zaka ziwiri ndikuvutika pamene iye amupezera njira ya miyezi iwiri. Madobadoba amenewa amadziwa pogwira.

Ndipo si iye yekha. Achinyamata kuno mitima ili m'malere. Chichokereni gulu lija la anthu 221 omwe anapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel mu Novembala 2023, aliyense akuona ngati ndege yake ikubwera. Ena amandipeza kuchipatala, m'malo mofotokoza matenda akufunsa za viza. Ku America ndiye musanene: kuyambira Ogasiti chaka chino Mmalawi wofuna viza yokacheza akhoza kuuzidwa kuti asiye chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Mchimwene wanga uja wa ku Joni naye ali pakhomo. Paja kumeneko timalowa opanda viza kwa masiku 30 okha. Iye anakhala chaka ndi miyezi, ndipo potuluka pa Beitbridge anamudindira zaka zisanu asapondeko. Akuwotcha chimanga pa depoti, akuti akudikira 2029.

Nthawi zina usiku ndikakhala mu wodi ndekha, odwala atadzaza mpaka ena pansi, ndimadzifunsa ngati ndikuchita bwino. Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa mayiko omwe ali ndi ogwira ntchito zachipatala ochepa kwambiri, n'chifukwa chake zipatala za kwanuko ndi ma ejenti saloledwa kubwera kudzakopa anamwino kuno. Chololedwa n'choti munthu afunsire yekha, monga ndinachitira ine. Lamulo limenelo ndimalimvetsa kuposa amene analilemba, chifukwa ndikachoka ndikudziwa dzina la mnzanga amene adzagwire usiku wanga. Koma mtsikana wamkulu uja akulemba fomu 4 chaka chamawa ndipo akufuna udokotala. Ndikayang'ana pa pepala la malipiro, ndikayang'ana iye, ndimatsegulanso foni kuona ngati kwabwera imelo.

Zikatheka, chotsala ndi kulipira fomu pa intaneti, kupita ku Lilongwe kukajambulitsa nkhope ndi kudinda zala, kenako kudikira, akuti kawirikawiri masabata atatu. Mwayi wake viza ya ogwira ntchito zachipatala ilibe msonkho uja wa chithandizo cha kuchipatala womwe ena amalipiriratu wa zaka zonse za viza yawo, apo ayi ndikanasiyira panjira.

Amayi anu ndinawaona Lamlungu lapitali ku Linga. Mwendo uja ukuwavutabe koma akuyenda, ndinawasiyira mankhwala opaka. Akuti muwaimbire, ndipo musamaimbe nthawi ya mapemphero a amayi Lachinayi. Mundiyankhe za anamwino aja sabata ino ngati mungathe, ndisanalembe imelo. Jekete lija munati mwandisungira musalipereke kwa munthu.

Ndine wanu,
Naphiri