Lipoti la msonkhano wa alembi: mimbulu yathu ya m'mapiri idya chiyani?

A Wapampando, akomiti ndi alembi anzanga nonse a kuno ku Dedza,

Munandituma ku Lilongwe ku msonkhano wa olemba nthano za maiko opeka, nditanyamula mutu woyamba wa nkhani yathu ya mimbulu ikuluikulu ya m'mapiri. Za mayendedwe ndi malo ogona zinayenda bwino, malisiti ali kale kwa msungichuma. Gawo la kusindikiza mabuku linalibe chachilendo, madandaulo ake ndi omwe aja a kukwera mtengo kwa mapepala.

Mimbulu yathu anzathu anaikonda. Koma mayi wina amene anaphunzira za nyama zakutchire anafunsa kuti zilombo zazikulu ngati ng'ombezi, pamwamba pa phiri pamene talembapo miyala ndi chifunga chokhachokha, zimadya chiyani. Funso limeneli ndi limene linatidyera masana onse.

Mayiyo anayamba ndi kutiikira kumbuyo. Kuzizira kumagwirizana ndi thupi lalikulu, chifukwa nyama yaikulu sitaya kutentha msanga. Katswiri wa sayansi Carl Bergmann analemba zimenezi mu 1847. Kenaka anatitengera ku Ethiopia, ku mapiri a Bale, kumene kuli mmbulu weniweni wa m'mapiri, wokhala pamtunda wopitirira mamita 3,000. Phiri lathu la Dedza, la mamita 2,198, silifikako n'komwe. Mmbulu wa ku Ethiopiawu sufika ngakhale makilogalamu 20. Uli ndi miyendo yaitali ndi mphuno yosongoka, ndipo ngakhale umagona pamodzi ndi anzake, masana umasaka wokha, kudikirira mbewa ndi mfuko pa una. Yatsala pafupifupi 500 yokha. Pamwamba pa phiri chakudya n'chochepa, ndiye thupi nalo limatsata chakudyacho.

Mmbulu waukulu umene unakhalako ndi wa ku America, Aenocyon dirus, wolemera makilogalamu 60 mpaka 70, umene unatha zaka zoposa 10,000 zapitazo. M'maenje a phula a La Brea ku Los Angeles anafukulamo mafupa a mimbulu yotere yoposa 4,000. Inkadya akavalo ndi njati za kumeneko, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti nyama zikuluzikuluzo zitachepa, nayonso inatsata. Mnyamata wina anatsutsa kuti mmbuluwu anauukitsa mu 2025. Zoona zake n'zakuti kampani ya Colossal inasintha majini ochepa (tizinthu ta m'thupi totengera kwa makolo) a mmbulu wotuwa wa masiku ano. Sitinatayepo nthawi.

Chimene chitipweteke ndi mfumu yathu ya mimbulu ndi gulu lake lankhondo. Gulu la mimbulu ndi banja: yaimuna, yaikazi ndi ana awo a zaka zosiyanasiyana. Nthawi zambiri yaikazi imodzi yokha ndiyo imaswa, bere lake ndi la miyezi iwiri, ndipo ikuluikulu ikabwera kosaka imabzikula nyama kuti ana adye. Mimbulu ya kwathu kuno, imene anaibwezeretsa ku Liwonde ndi ku Majete mu 2021, imaleranso ana motero. Khamu la mazanamazana limene tinalemba lija lingamalize nyama za phiri lonse mwezi usanathe. Ine ndikuti mfumuyo ichoke. Mmbulu wokalamba wothyoka dzino, wobzikulira ana a mng'ono wake pakhomo pa phanga, umagwira mtima kuposa mfumu yolamula asilikali.

Ena anati tingochepetsa msinkhu wa zilombozo. Ena anati tipeke mtundu wa mphalapala zoyenda m'magulu pamwamba pa phiri, koma pamenepo tiyeneranso kupeka msipu wake. Maganizo anga ndi akuti mimbuluyo iziswera m'mapanga a pamwamba nthawi ya dzinja msipu ukadalipo, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi chikafika, nyama zikatsika, nayonso izitsikira kuchigwa. Kuchigwako kuli makola, kuli abusa, kuli mfumu ya mudzi yoti iweruze mlandu wa ng'ombe yogwidwa usiku. Mutu wathu wachitatu, umene wakhala ukutivuta, ungachokere pamenepo.

Wina anatilangiza kuti tilembe zoti mimbuluyi inajambulidwa m'mapanga a Chongoni. Ndinakana m'dzina lanu, ndipo ngati ndinapitirira malire mundiuze. Malo 127 a zojambula za pamiyala amenewa, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wake wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006, ena ndi a Nyau ndi chinamwali, ndipo eni ake tikukhala nawo. Phanga lojambulidwa tikhoza kupeka lathu.

Okonza msonkhano akufuna mutu wokonzedwanso pamodzi ndi tsamba limodzi lofotokoza moyo wa chilombocho: kulemera kwake, chakudya, nyengo yoswa, kukula kwa dera la banja limodzi, ndi chimene chimachipha. Loweruka lino aliyense abwere ndi yankho lake pa za mfumu ya mimbulu ija, tidzavote tisanagawane ntchito. Amene muli ndi mapu a dziko lathu lopeka aja muwabweretse, pafunika kujambulapo chigwa.

Ndine nthumwi yanu.