Tiuzeni za banja lapakatikati, osati avereji yokha

Akonzi,

Ndikupempha atolankhani anu kuti akamalemba za kafukufuku wa mabanja wa a NSO, ofesi ya boma yoona za ziwerengero ku Zomba, ngati uja wa 2016/17 ndi 2019/20, asamangotipatsa avereji basi. Mmudzi muno munthu mmodzi akagulitsa fodya bwino nkugula lole avereji imakwera pomwe anzake akudya kamodzi patsiku. Tiuzeni za banja lapakatikati, loti theka la mabanja likupeza zoposa ilo ndipo theka lina zochepa, boma lililonse palokha.

Komanso poyerekeza zaka musaiwale kwacha, mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti ndiye munthu angaoneke ngati ndalama zake zakwera chonsecho K50,000 lero sigula ngakhale thumba limodzi la feteleza, ndipo ganyu weniweniyo ena amalipidwa ndi ndowa ya chimanga osati ndalama.

Wowerenga wanu,
Kasungu