Masewera Akale a Pakompyuta Amayendabe pa Linux

Akonzi,

Ndiloleni ndiwalimbitse mtima anthu amene amazengereza kusamukira ku Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta imene imagwira ntchito m'malo mwa Windows, poopa kuti masewera awo akale a pakompyuta asanduka zinyalala. Mantha amenewa alibe maziko, popeza masewera ambiri a m'zaka za m'ma 1990 amayenda bwino pa Linux, pomwe Windows ya 64-bit imakaniratu kutsegula payokha mapulogalamu a MS-DOS, yomwe inkayendetsa makompyuta Windows isanafale.

Masewera a MS-DOS amafuna DOSBox, pulogalamu yaulere imene imatsanzira kompyuta yakale pamodzi ndi khadi lake la mawu la Sound Blaster. Ine chimene chinandisautsa poyamba chinali liwiro: galimoto ya m'sewero lina la mpikisano inkakawomba khoma ndisanakhudze n'komwe batani, chifukwa amene analemba sewerolo ankadalira kuchedwa kwa makompyuta a nthawi imeneyo. Nditadina Ctrl ndi F11 kangapo, liwiro linatsika ndipo galimotoyo inayamba kumvera.

Masewera a Windows amadutsa mu Wine, pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux yomwe inayamba mu 1993, ndipo mu 2018 kampani ya Valve inatulutsa Proton, yomangidwa pa Wine yemweyo. Kunena zoona, ma CD ena okhala ndi chitetezo choletsa kukopera amavutabe.

Kampani ya id Software inachita bwino kwambiri pomwe mu 1997 inamasula khodi (malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu) ya sewero lake la Doom kuti aliyense aikonze, zomwe zimathandiza kuti liziyenda pa Linux, ngakhale kuti mafayilo a zithunzi ndi mawu a sewero lathunthulo amagulidwabe mpaka lero.

Ine wanu,
Wowerenga wokhulupirika